Chipu cha Bluetooth ndi Microcontroller: Kulumikiza Kwake ndi Nkhani ya Reset

Nkhani ya lero ndi ya kachipu kamene kamalandira nyimbo kuchokera pafoni popanda waya, mmene kamalumikizidwira ku kachipu kena kokalamulira, komanso zimene zimachitika kamodzi mwa tiwiriti kakazima n'kuyambiranso. Kuyambiranso kumeneku amisiri a zamagetsi amakutcha reset.

Masipika a Bluetooth ali ponseponse muno m'tauni ya Zomba: pamabenchi a mumsika waukulu, m'malo ometera a ku Chinamwali ndi ku Matawale, panjinga zamoto za kabaza, ndi m'zipinda za ophunzira ku Chikanda. Luso la Bluetooth linayambira ku kampani ya Ericsson mumzinda wa Lund ku Sweden m'chaka cha 1994, ndipo mu 1998 makampani asanu, Ericsson, Nokia, IBM, Intel ndi Toshiba, anagwirizana zoti zipangizo zawo zizimvana pa Bluetooth. Mafunde ake amayenda m'dera limodzi ndi a Wi-Fi, ndipo pazipangizo zambiri za m'nyumba amafika mamita pafupifupi 10.

M'masipika otsika mtengo, chipu chimodzi chimagwira ntchito yonse: chimalandira nyimbo, chimamva mabatani, chimayatsa kagetsi kothwanima. Machipu ambiri otere amachokera ku China, monga a kampani ya Jieli ya mumzinda wa Zhuhai. Koma mmisiri kapena wophunzira amene akudzipangira chipangizo chake amafuna zoposa pamenepo. Mwina akufuna kasikirini koonetsa dzina la nyimbo, mwina akufuna kuti sipika ya pasukulu izidziyatsa yokha nthawi ya asembule, mwinanso kuti izizima batire la sola lisanathe. Zikatero pamafunika kakompyuta kena kakang'ono, kotchedwa microcontroller. Kodziwika kwambiri ndi kamene kali pabolodi la Arduino Uno, kotchedwa ATmega328P. Arduino inayambira ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, ndipo lero ndi chida chimene ophunzira ambiri amayambirapo. Kumbali ya mawu kuli machipu monga RN52 ya kampani ya Microchip, CSR8645 ya kampani ya CSR imene Qualcomm inaigula mu 2015, ndi ESP32 ya kampani ya Espressif ya ku Shanghai, imene inatuluka mu 2016.

Mfundo yaikulu ya nkhani ya lero ndi iyi. Chipu cha Bluetooth si waya kapena switchi wamba. Nachonso ndi kakompyuta, chili ndi pulogalamu yake mkati, chimadzuka pa nthawi yake, ndipo chimatha kuyambiranso chokha. Choncho m'bokosi limodzi muli makompyuta awiri amene sadzuka nthawi imodzi, ndipo mavuto ambiri amabwera pamene imodzi ikuganiza kuti ikudziwa zimene inzake ikuchita osaifunsa.

Poyamba, mawaya. Pakati pa machipu awiriwa pamakhala mawaya a magetsi, mawaya olankhulirana, ndi waya wa reset. Nyimbo zili ndi njira yakeyake. Zimachoka m'chipu cha Bluetooth kupita ku ampulifaya, mwina monga mawu wamba a kumanja ndi kumanzere, mwina monga manambala kudzera m'njira yotchedwa I2S, imene kampani ya Philips inakhazikitsa mu 1986. Nyimbo sizidutsa mu Arduino Uno ayi, poti memore yake yogwirira ntchito ndi makilobaiti 2 okha. Ntchito ya Arduino ndi kulamula: yamba kuimba, imitsa, dumpha nyimbo, kweza mawu, lola foni yatsopano kulumikizana.

Malamulo amenewa kawirikawiri amadutsa m'njira yotchedwa UART, ya mawaya awiri. Pini yolembedwa TX ndi yotumiza, yolembedwa RX ndi yolandira. Oyamba kumene amakonda kulumikiza TX ku TX, chifukwa mayina akufanana, kenako n'kudabwa kuti palibe chikuyankha. Mawayawa amapingasana: TX ya microcontroller ipite ku RX ya chipu cha Bluetooth, ndipo TX ya chipucho ibwerere ku RX ya microcontroller. Waya wa negativi, wolembedwa GND, uyenera kukhala umodzi kwa onse awiri, ngakhale chipu chilichonse chitakhala ndi batire lake. Liwiro lolankhulira nalonso lifanane. Ngati mbali imodzi yaikidwa pa liwiro lina, pakompyuta pamangooneka zilembo zosamveka, ngakhale mawaya ali bwinobwino.

Pali chinthu china chimene chimawononga machipu mwakachetechete. Arduino Uno imagwira ntchito pa mavolti 5, pamene machipu ambiri a Bluetooth amafuna mavolti 3.3. Waya wa TX wochokera ku Arduino ukalowa mwachindunji, chipucho chimalandira magetsi oposa msinkhu wake. Mwina sichipsa tsiku lomwelo, koma chimayamba kuchita zachilendo. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: marezisita awiri ogawa magetsi, kapena kabolodi kosinthira msinkhu wa magetsi. Pini ya mavolti 3.3 ya pa Arduino Uno nayonso ndi yofooka, imapereka mamiliampu pafupifupi 50 okha, pamene opanga ESP32 amalangiza kuti gwero la magetsi ake lizitha kupereka mamiliampu 500. Choncho chipu cha Bluetooth chikhale ndi kachipangizo kakekake kokhazikitsa msinkhu wa magetsi, kotchedwa regulator.

Mawaya atha. Tsopano nkhani ikulowa pa reset yeniyeniyo.

Reset imachititsa chipu kusiya zonse zimene chimachita, kuiwala zimene zinali m'memore yake ya kanthawi, n'kuyamba pulogalamu kuchokera pamzere woyamba. Zoyambitsa zake n'zingapo. Ina imachitika magetsi akangolowa kumene. Ina imachitika wina akakhudza pini ya reset. Ina imabwera magetsi akatsika kupyola malire ngakhale asanazimiretu, ndipo imeneyi amaitcha brown-out. Palinso ya mlonda wa mkati, wotchedwa watchdog, ndi ya lamulo lotumizidwa kudzera pa UART. Zonsezi sizifufuta mndandanda wa mafoni amene analumikizanapo ndi sipika, chifukwa mndandandawo umasungidwa m'memore yosafufutika magetsi akazima. Chimene chimafufuta ndi factory reset, kubwezera chipu mmene chinachokera kufakitale. Ziwirizi n'zosiyana, ndipo wokonza masipika amene amathamangira factory reset pa vuto lililonse amangopatsa mwini sipika ntchito yolumikizanso mafoni, vuto lenileni lili pomwepo.

Pa machipu ambiri pini ya reset imagwira ntchito ikatsitsidwa ku GND. Ikakhala m'mwamba chipu chimayenda, ikagwetsedwa pansi chipu chimaima. Pa ESP32 piniyi imalembedwa EN. Kuti isamangolendewera, amaimangirira ku magetsi a chipucho kudzera mu rezisita, kawirikawiri ya 10k, n'kuikanso kapasita kakang'ono pakati pa piniyo ndi GND. Kapasitayo imatenga kanthawi kuti idzaze, ndipo kanthawi kameneko kamagwira chipu kuti chisayambe magetsi asanakhazikike. Microcontroller ikafuna kuyambitsanso chipu cha Bluetooth, imakokera piniyo pansi kwa kamphindi, kenako n'kuisiya kuti rezisita ija iibwezere m'mwamba. Kuisiya n'kofunika. Arduino ya mavolti 5 isamakankhire piniyo m'mwamba ndi mphamvu yake, chifukwa ikatero yathiranso mavolti 5 pamene pamafunika 3.3. Kutalika kwa kamphindi kaja, ndiponso ngati piniyo imagwira ntchito ikatsika kapena ikakwera, zimalembedwa m'chikalata cha opanga chipu, chotchedwa datasheet, ndipo machipu amasiyana.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Pamene microcontroller ili pa reset, mapini ake onse amamasuka, satulutsa kanthu. Pa Arduino pamapitanso kanthawi pulogalamu isanayambe, chifukwa kapulogalamu kolandirira mapulogalamu atsopano kamayamba kaye. M'kanthawi konseko, amene akulamulira pini ya reset ya chipu cha Bluetooth ndi rezisita ija. Popanda rezisita, piniyo imatola phokoso lililonse la magetsi, ngakhale la dzanja la munthu loyandikira, ndipo chipu chimayambiranso popanda wochituma. Wopanga chipangizo ayenera kusankha dala: kodi microcontroller ikagona, chipu cha Bluetooth chipitirize kuimba, kapena nacho chiime? Rezisita yokokera m'mwamba imachilola kupitiriza. Yokokera pansi imachigwira mpaka microcontroller itadzuka n'kuchimasula.

Palinso mapini ena amene chipu chimawayang'ana pa mphindi yodzukira yokha, kuti chidziwe njira yoyambira. Pa ESP32, pini ya GPIO0 ikapezeka ili pansi pa nthawi ya reset, chipucho sichiyamba pulogalamu yake, chimangodikira kulandira pulogalamu yatsopano. Kunja kumaoneka ngati chafa: palibe mawu, foni sikuchiona. Ngati mmisiri walumikiza microcontroller kapena batani pa pini yotere mosadziwa, chipangizo chimayaka tsiku lina, tsiku lina osayaka. Ndi bwino kuwazindikira mapini otere mu datasheet asanawotcherere waya uliwonse.

Chipu chikamasulidwa pa reset sichikhala chokonzeka nthawi yomweyo. Chimayamba chawerenga pulogalamu yake, kudzutsa wailesi yake, ndi kufunafuna foni imene chinalumikizana nayo komaliza. Microcontroller imene imadzuka msanga n'kuyamba kutumiza malamulo imalankhula kwa wosamva, ndipo malamulo oyambawo amatayika. Ambiri amangoika kudikira kwa masekondi angapo m'pulogalamu. Njira imeneyi imagwira pabenchi, koma ndi yongoyerekeza. Yodalirika ndi yakuti microcontroller idikire uthenga wochokera ku chipu wonena kuti chakonzeka, ngati chipucho chimatumiza uthenga wotere, kapena ifunse funso losavuta mobwerezabwereza mpaka yankho litabwera. Mfundo ija yabweranso: microcontroller isaganizire, ifunse.

Tsopano mbali imene imakhudza kwambiri anthu a ku Zomba, ndiyo ya magetsi otsika. Omvera ambiri anaonapo sipika imene imaimba bwino mawu akakhala otsika, koma ikangokwezedwa, besi n'kugunda, imazima n'kulira kaphokoso kake koyambira. Chimachitika n'chakuti ampulifaya imakoka magetsi ambiri pa kugunda kulikonse. Batire likakhala lotopa, kapena mawaya akakhala opyapyala, magetsi amagwa kwa kanthawi kochepa zedi, chipu cha Bluetooth n'kuona kuti atsika, n'kudziyambitsanso. Mabatire a lithium otchedwa 18650, amene amisiri amachotsa m'mabatire akale a laputopu, amafika mavolti 4.2 akadzaza, koma akakalamba amagwa msanga akangolemedwa, ngakhale mita ikuonetsa kuti ngodzaza. Chipucho chilibe mlandu. Kudziyambitsanso ndi njira yake yodzitetezera, chifukwa kompyuta yoyenda pa magetsi osakwanira imawerenga molakwika, ndipo ikhoza kuwononga zimene zasungidwa m'memore yake.

Magetsi a ESCOM ali ndi mbali yawonso. Chiyambire pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire mu Januwale 2022, mpaka atakonzedwa, anthu anazolowera kuzimazima, ndipo ambiri anagula masola ndi mabatire. Kwa chipu, magetsi ozimiratu savuta kwenikweni, poti akabwera chimayamba bwinobwino. Ovuta ndi ophethira, ozima kamphindi n'kubwerera, monga zimachitikira nthawi ya mvula ya mabingu kuphiri kuno. Makapasita amakhala asanatsitse magetsi onse, choncho chipu chimodzi chimayambiranso, china osayambiranso, kapena china chimaima pakatikati, osayenda komanso osazima. ATmega328P ili ndi chotetezera cha brown-out, ndipo pa Arduino Uno chimaikidwa pa mavolti 2.7. Izi zikutanthauza kuti malire ake ndi osiyana ndi a chipu cha Bluetooth, ndipo ziwirizi sizigwa pa mphindi imodzi. Amisiri osamala amaika kachipu kena kakang'ono kotchedwa voltage supervisor, kamene kamagwira pini ya reset pansi mpaka magetsi atafika pamsinkhu woyenera n'kukhazikika. Amaikanso kapasita yaikulu pafupi ndi ampulifaya, yaing'ono pafupi kwambiri ndi mapini a magetsi a chipu, ndipo waya wa ampulifaya amautenga wokhawokha kuchokera kubatire, osaudutsitsa pa chipu.

Vuto lina ndi lobisika kwambiri. Mmisiri amatha kuika transistor yodulira magetsi a chipu cha Bluetooth, kuti microcontroller izichizimitsa n'kuchiyatsanso. Koma waya wa TX ukakhala phee umakhala m'mwamba. Magetsi ochepa amadutsa m'waya umenewo, kulowera pa pini ya RX, kudzera m'madayodi otetezera a mkati mwa chipu, n'kuchisunga chili m'maso pang'ono. Magetsi enieni akabwezedwa, chipu sichiona kuti chinazimapo, ndiye reset yoyambira siichitika bwino. Asanadule magetsi, microcontroller iyenera kutsitsa kapena kumasula mapini onse opita ku chipucho, n'kudikira kuti makapasita atsike.

Nanga chimodzi chikayambiranso chinzake chikupitiriza? Zili ngati minibasi yochoka ku Zomba kupita ku Liwonde imene kondakitala wasinthidwa pa Songani. Dalaivala akuyendabe, anthu ali m'kati, koma kondakitala watsopano sakudziwa amene walipira ndi amene akutsika pa Domasi, pokhapokha afunse. Microcontroller ikayambiranso, foni imakhala idakalumikizana ndipo nyimbo ikuimbabe, koma kasikirini kamalemba kuti palibe foni, ndipo batani loimitsa limatumiza lamulo loyambitsa. Izi zimachitika kawirikawiri poyesa, chifukwa Arduino Uno imadziyambitsanso nthawi iliyonse zenera loonetsa mauthenga ake, lotchedwa Serial Monitor, likatsegulidwa pakompyuta. Mbali inayo, chipu cha Bluetooth chikayambiranso chokha, chimabwerera ku msinkhu wa mawu ndi makonzedwe ake oyambira, microcontroller ikuganizabe kuti zonse zili monga inazisiyira.

Njira zilipo ziwiri. Yophweka ndi yakuti microcontroller ikangodzuka, ikokere pansi pini ya reset ya chipu cha Bluetooth, kuti zonse ziyambire pamodzi. Kwa wophunzira, imeneyi ndi yabwino kuyambira, chifukwa siisiya chikaiko. Koma imadula nyimbo ndi kulumikizana kwa foni, zimene sizingasangalatse pa ukwati kapena m'tchalitchi. Njira yachiwiri imafuna pulogalamu yotalikirapo: microcontroller ikadzuka ifunse chipu ngati pali foni yolumikizana, ngati nyimbo ikuimba, ndi msinkhu wa mawu, kenako ikonze zake molingana ndi mayankhowo. Ndipo izimvetsera nthawi zonse uthenga woyambira wa chipucho, kuti ikaumva itumizenso makonzedwe onse.

Mlonda uja, watchdog, ndi wotchi ya mkati imene pulogalamu iyenera kumaibweza kumayambiriro pafupipafupi. Pulogalamu ikakakamira penapake osaibweza, wotchiyo imafika kumapeto n'kuyambitsa reset. Pa ATmega328P nthawi yake ikhoza kuikidwa mpaka masekondi 8. Microcontroller nayo ikhoza kukhala mlonda wa chipu cha Bluetooth, pochifunsa kanthu pakapita kanthawi. Chikalephera kuyankha kangapo motsatizana, iyambe ndi lamulo la reset, zikakanika ikoke pini, ndipo zikakanikabe idule magetsi. Pakhale malire a kuyesaku. Chipangizo chongoyambiranso usiku wonse chimamaliza batire, ndi bwino chiime n'kuyatsa kagetsi kosonyeza kuti pali vuto.

Kaphokoso kakuti phu kamene kamamveka sipika ikamayaka nakonso n'ka reset. Chipu chikamadzuka, mawaya ake a mawu amadumpha, ampulifaya n'kukuza kudumphako. Maampulifaya ambiri ali ndi pini yotsekera mawu. Rezisita iigwire yotseka kuyambira pachiyambi, microcontroller iitsegule chipu cha Bluetooth chikakonzeka, ndipo iitsekenso isanachite reset iliyonse.

Pofufuza vuto, machipu enieniwo amathandiza. ATmega328P imasunga chifukwa cha reset yomaliza m'malo otchedwa MCUSR, ngakhale kuti pa Arduino Uno kapulogalamu koyambira kaja kamafufuta zimenezi pulogalamu ya mwini isanaziwerenge. ESP32 imalemba chifukwacho pa UART nthawi iliyonse ikayaka, ndipo ikagwa chifukwa cha magetsi otsika imanena poyera. Mita wamba yoyezera magetsi imachedwa, singaone kugwa kwa kamphindi, choncho kuona mavolti abwino pamita si umboni wakuti magetsi ali bwino. Kumene kulibe oscilloscope, chipangizo choonetsa kusinthasintha kwa magetsi, kuyesa kosavuta ndi kuchotsa ampulifaya, kapena kupatsa chipu batire lina lodzaza lokhalokha. Kuzima kukaleka, vuto lili pa magetsi. Kukapitirira, ayang'ane pini ya reset, mapini oyambira aja, ndi waya wa GND. Zonsezi zichitike chipangizo chitazulidwa kukhoma, ndipo batire la lithium lotupa kapena lotentha lichotsedwe, lisagwiritsidwenso ntchito.

Omvera amene ali ndi sipika yozimazima kunyumba angathe kuiyang'anitsitsa sabata ino asanapite nayo kwa okonza. Kodi imazima mawu akakwezedwa, kapena ngakhale ali otsika? Imazima ili pachaja, kapena ili pabatire lokha? Ikayambiranso imaikumbukira foni, kapena imafuna kulumikizidwa mwatsopano? Sipika yozima pa besi yokha imaloza ku batire ndi mawaya, yozima ikagwedezeka imaloza ku malo owotcherera amene amasuka, ndipo yoiwala foni nthawi zonse imaloza ku memore kapena ku batani limene lakanirira n'kumachititsa factory reset.